Pepala la M'thumba mwa Nasopo

"Pofika thu koloko nkhaniyi ikhale itatha," anatero bwana manijala akuponya pepala lopindapinda patebulo. "Wakuba tamugwira kale. Inu mungolemba lipoti, kenako mumuperekeze kugeti."

Mayi Sajeni anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa teni koloko. Iwowa anali mkulu wa alonda pahotelapo, ndipo dzina la Sajenilo anachoka nalo kupolisi, kumene anagwira zaka makumi awiri mawondo asanayambe kuwakanira. Koma mayi amenewa, mukangowauza kuti wakuba wagwidwa kale, m'pamene thupi lonse limayamba kuwayabwa. Sankadziwa kukhala pansi. Ngakhale mpando wa muofesi mwawo unkangosungira majekete a alonda.

"Wakubayo ndani, bwana?"

"Mtsikana wa kochapira uja. Nasopo."

Nkhani yake inali iyi. Hotela inalemba aphunzitsi oti aziphunzitsa antchito Chingerezi masana, m'kachipinda ka pamwamba pa khitchini. Miyezi itatu inali itatha, ndipo tsikuli thu koloko kunali mayeso. Wopambana onse ankasamukira kutsogolo, pa tebulo lolandirira alendo, kumene munthu amavala jekete n'kumagwira ntchito fani ikumupemerera. Ofuna malowo analipo asanu ndi anayi, koma malo amodzi okha. Mafunso anali mu envelopu yomata, envelopu m'kabati yokhoma, kiyi m'khosi mwa aphunzitsi. Ndiye m'mawa umenewu aphunzitsi anapeza envelopu itachekedwa kunsi n'kumatidwanso. Bwana analamula chipikisheni m'malokala a onse asanu ndi anayi, ndipo m'thumba la epuloni ya Nasopo munatuluka pepala la mafunso onse, okopera pamanja.

"Wavomera?"

"Sanakane. Wangoliyang'ana pepalalo n'kungoti kakasi." Bwana anapukuta thukuta pamphumi. "Ine amene akundimvetsa chisoni ndi bambo ake, a kalipentala athu aja. Zaka makumi atatu pahotela pano, ngakhale msomali umodzi sunasowepo. Lero mwana awavule chonchi! Musawauze kaye. Palibe amene walimba mtima."

Bwana atatuluka, Mayi Sajeni anatambasula pepala lija. Linali tsamba la kalendala yakale, ndipo mafunso anali kuseri kwake. Zilembo zonse zinali zazikulu, za pensulo yonenepa, chilichonse chitaima chokha ngati asilikali pa pelete. Chakumanja kwa tsambalo kunali mzere wakuda, wowongoka bwinobwino kuchoka pamwamba kufika pansi, wosadziwika ntchito yake.

Lipoti analisiya osalemba. Anatenga pepalalo n'kuyamba kukwera masitepe, mawondo akulira.

* * *

Aphunzitsi anali mayi wochepa thupi, wa magalasi aakulu, amene ankalankhula ngati nthawi zonse pali wina kumbuyo amene sakumvetsera. Anali akuzungulirazungulira m'kalasi, kiyi atamugwira pachifuwa.

"Kiyi uyu ndimagona naye, ndimasamba naye," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Loko ndi ameneyo, muoneni nokha, sanakhudzidwe. Ndiye munthuyo analowa bwanji? Kapena mukuganiza kuti ndine?"

"Sindinayambe kuganiza, aphunzitsi. Ndikungoyang'ana."

Loko analidi bwinobwino, wopanda ngakhale kakandu. Pa bolodi panali patatsala phunziro lomaliza, mawu asanu ndi atatu m'mizere iwiri: myself, yourself, himself, herself, itself, kenako ourselves, yourselves, themselves.

"Zimenezi ndiye zikubwera pamayeso?"

"Theka la pepala ndi zimenezi. Zikuoneka zophweka, koma zagwetsa anthu." Aphunzitsi anatola choko, mwachizolowezi. "Ife tikati ndadzicheka, kanthu kosonyeza kuti wocheka ndi wochekedwa ndi munthu mmodzi kamabisala m'kati mwa mawu. Eni ake Chingerezi amakatulutsa panja, n'kukaika kumapeto: I cut myself. Ndiye ophunzira anga akangokadziwa, amakamwaza paliponse ngati mchere. Wina amati myself I am going. Wina amati hisself, mawu amene kulibe. Miyezi itatu ndikukuwa!"

"Nanga Nasopo?"

Aphunzitsi anaika choko pansi. "Ameneyo ndiye wandidwalitsa mutu. Mayi Sajeni, mtsikana ameneyo analibe chifukwa chobera. Amanjenjemera, inde, amalemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, koma m'kalasi muno palibe womuposa. Akaweruka amabwera kudzaima pa bolodi yekhayekha, kumadzifunsa n'kumadziyankha."

"Ndioneni envelopu."

Kumwamba, kumene aphunzitsi anasaina modutsa pomatira, kunali kosakhudzidwa. Kunsi ndiye kunali kochekedwa, mowongoka ngati mwa fakitale, n'kumatidwa ndi guluu woyera amene anauma gwa. Mayi Sajeni ananunkhiza. Sanali guluu wa muofesi. Kenako anasolola pepala lenileni la mayeso n'kuliika pambali pa lokopera lija. Nalonso linali ndi mzere wakuda chakumanja.

"Mzere uwu ndi wa chiyani?"

"Umenewo? Si kanthu. Makina osindikizira a muofesi ndi okalamba, amadetsa tsamba lililonse pamenepo."

"Ndiye wakubayu wakopera ndi litsiro la makina lomwe?"

Aphunzitsi anasendeza magalasi n'kuyang'anitsitsa. "Iii! Ndiponso taonani, mipata yolembamo mayankho waijambula yofanana ndendende ndi yanga. Koma yankho sanalembe ngakhale limodzi."

Aphunzitsi anabweza envelopu m'kabati. Potseka, anatsamiritsa bondo kunsi kwa chitseko n'kukankhira m'mwamba ndi mphamvu. Chitseko chinangoti pha! Aphunzitsi anadzandira, pang'ono n'kugwera pa bolodi.

"Chitseko ichi chili ndi makhalidwe ake," anatero akukonza magalasi, manyazi atawagwira. "Sichitsekeka popanda bondo."

Mayi Sajeni anali kale pakhomo. Wotchi inali ikuthamangira leveni.

* * *

Amene ankapikisana kwambiri ndi Nasopo anali woperekera zakudya wina, bambo wa ndevu zometa mwaluso, amene anzake anamupatsa dzina loti Chizungu chifukwa ngakhale poyetsemula ankayesa kuyetsemula m'Chingerezi. Mayi Sajeni anamupeza m'chipinda chodyera akupinda tinsalu ta patebulo.

"Sajeni, Sajeni! Me myself I am very shocked," anatero atagwira pachifuwa. "Mtsikana wofatsa ngati ameneyo!"

"Lankhula chinenero cha amayi ako, nthawi ndilibe. Dzulo masana unali kuti?"

"Muno! Kuyambira wani koloko mpaka sikisi, msonkhano wa anthu makumi asanu ndi limodzi. Funsani kukhitchini, mapazi anga anatupa. Tiyi, madzi, tiyi, madzi, ngati anthuwo ali ndi mabowo kunsi."

"Masitepe opita kukalasi amaonekera pakhomo la khitchini. Unaona ndani akukwera?"

"Nasopo. Cha m'ma folo, kabuku kake m'manja."

"Anakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi khumi, mwina khumi ndi zisanu. Ndinapita ndi thireyi, pobwera ndinakumana naye akutsika."

"Wina?"

"Palibe munthu."

Mayi Sajeni anaponya tsamba la kalendala lija pa tinsalu take. "Nasopo akachoka, malo aja ndi ako. Pepala ili kuliponya m'lokala mwa mnzako si ntchito yovuta."

Chizungu analiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuseka kwake kunali kwa munthu wonyozedwa.

"Ine? Pensulo? Sajeni, mundilemekeze pang'ono." Anasolola foni m'thumba n'kuigwedeza m'mwamba. "Ndikanafuna kuba, kungoti kape, kape, masamba awiri, ndatuluka. Ndani masiku ano angaime n'kumajambula zilembo chimodzichimodzi? Ntchito imeneyi ndi ya maola awiri, mwinanso atatu. Ndipo taonani kuno, mawu awa wawadula pakati, theka pamzere uwu, theka pamzere winawo, popanda chifukwa. Ameneyu samawerenga, amangojambula."

Munthu wopusa akakuuza zoona zimawawa kawiri. Mayi Sajeni anatola pepala lawo. Maola awiri. Nasopo anakhalako mphindi khumi ndi zisanu zokha, ndipo foni anali nayo.

* * *

Kochapira kunali pansi penipeni pa hotela, kotentha ngati m'kamwa mwa uvuni. Makina ankazungulira, nthunzi ili tolo. Nasopo anauzidwa kuti asiye ntchito adikire, koma Mayi Sajeni anamupeza akusita nsalu za pabedi, simbi ikuyenda uku ndi uku mwaukali. Anali mayi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa manja osuwa ndi sopo, kumene kunachokera dzina lakelo. Pamwamba pa tebulo lositira panali chingwe, ndipo pa chingwepo anapanirapo timapepala ndi zopanira zovala. Kalikonse kanali ndi chiganizo chimodzi, m'zilembo zazing'ono zolumikizana bwino. She taught herself. We enjoyed ourselves. Please help yourself, sir.

"Ika simbiyo pansi, mwanawe."

"Ndine ndinaba, amayi," anatero Nasopo osatukula mutu. "Lembani. Ndisaina."

"Chabwino. Kabati unatsekula ndi chiyani?"

"Ndi kiyi."

"Kiyi uti?"

"Ndinatola."

"Kuti?"

"Pansi."

"Ali kuti pano?"

"Ndinataya."

"Envelopu unang'amba mbali iti?"

Simbi inaima pang'ono. "Kumwamba. Pomatira."

"Asa!" Mayi Sajeni anamenya tebulo ndi chikhatho. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikumva mabodza a akatswiri, lero undinamize iwe wosadziwa n'komwe kumene bodza limayambira? Envelopu anaicheka kunsi. Epuloni imene munapezeka pepala ndi iti? Imene wavalayi?"

"Ayi. Inayo. Yatsopano."

"Unaivala liti komaliza?"

"Sindinaivalepo. Ndinaisita dzana n'kuipachika m'lokala, kuti ndiivale lero polowa mayeso."

"Ndiye pepalali unaliona koyamba m'manja mwa bwana."

Nasopo analuma mlomo. Fungo la nsalu yopserera linakwera, ndipo anadzidzimuka n'kunyamula simbi. Pa nsalu yoyera panatsala chilemba chofiirira. Mayi Sajeni anamumvera chisoni, chifukwa Nasopo anali asanapserezepo kanthu chilowereni ntchito.

"Ukudziwa kuti ukasaina watha? Mayeso palibe, ntchito palibe, ndipo hotela iliyonse m'tauni muno imva kuti ndiwe wakuba. Timapepala tonseti wapachikira chiyani? Ukubisa ndani?"

"Palibe."

"Chibwenzi?"

"Amayi, chonde." Misozi inali ikutsika, koma mawu ake anali ouma. "Mukapitiriza kufufuza mundipweteka kuposa bwana. Lembani kuti ndine. Ndapota nanu."

Mayi Sajeni anatuluka mtima ukuwira. Inali hafu thwelofu. Anayamba kukwera masitepe mothamanga, ndipo pa sitepe yachisanu bondo lamanzere linawabaya koopsa. Anaima n'kuligwira, akutukwana chamumtima.

Ali chigwirire bondolo, anakumbukira bondo lina. La aphunzitsi.

* * *

"Tsekulani kabati," anatero Mayi Sajeni akulowa m'kalasi ali wefuwefu. "Tsopano tsekani. Ayi, bondo lisiyeni! Ndi chala chimodzi."

Aphunzitsi anakankha ndi chala. Chitseko chinayenda mwakachetechete n'kukhala m'malo mwake, phee.

"Koma abale!" anatero aphunzitsi. "Miyezi itatu chakhala chikulendewera, chikukwekweza pansi, chikulira ngati mwana wa mbuzi."

"Munakanena kuofesi kuti achikonze?"

"Ayi. Ine ndine wobwera, ndinkaopa kuoneka wovuta."

Mayi Sajeni anagwada, mawondo akudandaula, n'kuyang'ana mbali imene m'mawa sanaiyang'ane. Aliyense ankathamangira loko. Mahinjesi anali kunja, ndipo ankanyezimira mafuta atsopano. Mitu ya masikuluwu inali yowala, yongopotedwa kumene. Pa hinjesi ya pamwamba, masikuluwu awiri anali atsopano, aatali kuposa anzawo, ndipo m'mphepete mwa limodzi munkaoneka kamtengo kakang'ono kokhomeredwa m'bowo lakale kuti sikuluwu ligwire.

Munthuyu sanavutike ndi loko. Anamasula chitseko chonse cha kumahinjesi, n'kuchitsekula cham'mbuyo. Ndiye pobwezeretsa, manja ake analephera kuchisiya chopindika monga anachipezera.

Wakuba wokonza zinthu! Chizungu anati palibe munthu wina amene anakwera. Inde, chifukwa pali munthu mmodzi pahotelapo amene akadutsa ndi makwerero paphewa palibe amamuwerenga, ngakhale alonda awo omwe.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Chimene sindimafuna kupeza," anayankha Mayi Sajeni. "Aphunzitsi, mungathe kupeka mafunso atsopano pa ola limodzi?"

* * *

Shedi ya a kalipentala inali kuseri, pafupi ndi jenereta, kumene phokoso la zaka zambiri linawagonthetsa khutu limodzi. Nkhani za pahotela zinkafika kumeneko mochedwa, zikafika n'komwe. Mayi Sajeni anawapeza akupala mwendo wa mpando, akuimba chamumphuno. Pansi pa ovolosi anali atavala shati yoyera ya kolala, ndipo kuseri kwa khutu kunali pensulo yafulati, yonenepa.

"Sajeni! Nthawi ili bwanji?" anakuwa mwansangala. "Mwana wanga akulemba thu koloko. Lero ndiye lero!"

Mayi Sajeni anayang'ana pensuloyo. Akanakonda kugwira chigawenga cha mfuti kusiyana ndi izi. Anatsamira pa benchi, n'kutola kachitini ka guluu woyera n'kukabwezanso.

"Madala, ndimafuna ndikufunseni za ntchito. Kabati ya m'kalasi ija, kodi anakhoma ndani? Ndamva kuti ndinu."

"Ine?" Madala aja anaponya puleni pansi. "Ndani wanena bodza limenelo? Ija anagula yopangapanga kusitolo! Thabwa lake ndi utuchi wokhawokha, ndiye munthu n'kuikapo masikuluwu aafupi ngati mano a khanda. Hinjesi ya pamwamba inali itadya bowo lonse. Ndachita kukhomeramo kamtengo, n'kuika aatali awiri, kuti chitseko chija chi..."

Anaima pomwepo. Jenereta inkangolira. Anayang'ana Mayi Sajeni, kenako anayang'ana manja awo, ngati manjawo ndi amene alankhula.

"Munakonza liti, madala?"

Madala aja anakhala pa mpando umene ankakonza uja, pang'onopang'ono. "Dzulo. Kuyambira wani koloko mpaka cha m'ma fili."

Mayi Sajeni anatambasula tsamba la kalendala pa benchi.

"Ndinalakwitsa penapake?" anafunsa madalawo ndi mawu aang'ono. "Chingerezi sindichidziwa, Sajeni. Ndinangojambula chilichonse chimene ndinaona. Mizere ndinayeza ndi sikweya yanga yoyezera matabwa."

"Simunalakwitse ngakhale pamodzi. Chifukwa chiyani, madala? Zaka makumi atatu!"

"Mwana uja ndinamutulutsa sukulu ndine." Anapukuta kumaso ndi dzanja la utuchi. "Chaka chimene mayi ake anagwa m'matenda, kunalibe wowasamala, kunalibe wophikira ang'ono ake. Iye anali woyamba m'kalasi. Ahedi anabwera kunyumba kawiri kudzandichonderera, ine n'kubisala kuseri kwa nyumba. Sanandifunsepo chilichonse mwana ameneyo, mpaka lero. Ndiye miyezi itatu iyi ndakhala ndikumumva akusesa, akuphika, pakamwa pali maiselefu, yowaselefu, maiselefu. Sabata yatha ndinamupeza akulira pa kabuku kake, akuti mutu wake unakalamba, sakwanitsa. Ndinati ayi. Chimene ndinamulanda ndimubwezere, ngakhale pang'ono."

"Anakutumani?"

"Iyeyo? Akanandidula manja! Pepalalo ndinaliika m'epuloni yatsopano kuti akalipeze masana ano, aone mwachangu asanalowe." Anatukula mutu, maso akuwala pang'ono. "Walipeza?"

"Walipeza ndi bwana manijala. Mwana wanu wazindikira pensulo yanu, ndipo wauza aliyense kuti wakuba ndi iyeyo. Thu koloko ndikuyenera kumutulutsa pageti."

Madala aja anachotsa pensulo ija kuseri kwa khutu. Kenako anaimirira, anavula ovolosi n'kuipinda bwinobwino, n'kuyamba kulonga zipangizo zawo m'bokosi, chimodzichimodzi.

"Fulumirani, madala," anatero Mayi Sajeni. "Yakwana wani."

* * *

Muofesi ya bwana munadzaza: bwana kuseri kwa tebulo, aphunzitsi pakona ndi pepala la mafunso atsopano, a kalipentala ataima chilili ndi bokosi lawo kumapazi. Ananena zonse, mosazungulira, ngati akupereka muyeso wa thabwa. Nasopo anamuitanitsa kochapira, ndipo atangolowa n'kuona shati yoyera ija, anagwira pakamwa.

"Onse awiri atuluke!" anakalipa bwana. "Ndidziwa bwanji kuti sanapangane?"

"Epuloni ija sinavalidwepo, bwana, mizere ya simbi ikadali pomwepo," anatero Mayi Sajeni. "Sadziwa n'komwe mbali imene envelopu inachekedwa. Ndipo mafunso akalewo afa. Aphunzitsi alemba ena pa bolodi, onse asanu ndi anayi awaonere limodzi. Akalephera, walephera. Mukamuchotsa, lipoti langa linena kuti mwachotsa munthu wosalakwa, ndipo ndisaina ndi dzina langa lonse."

Bwana anafwenthera m'kansalu, anayang'ana wotchi, anayang'ana denga. "Alembe. Koma inu madala, ntchito yatha lero. Zikundiwawa, koma yatha."

"Ndamva, bwana. Zikomo."

"Sindilemba," anatero Nasopo.

"Mwana wanga, pita uka..."

"Musandiuze chochita, bambo!" Mawu ake anang'ambika, ndipo aliyense anadzidzimuka, chifukwa palibe amene anamumvapo akukweza mawu. "Poyamba paja munandichotsa sukulu, ndinakhala chete. Ndinati bambo alibe pogwira. Koma izi? Miyezi itatu ndikudzuka ndi mawu amenewa, kugona nawo, kusita nawo. Chinthu chimodzi chokha m'moyo mwanga chimene ndimafuna ndichite ndi mutu wanga! Inu munaona kuti sindingathe. Ngakhale inu, bambo, munaona kuti sindingathe!"

Madala aja anangowerama. 

Mayi Sajeni anamugwira Nasopo pamkono n'kumukokera pakhonde. "Tamvera, mwanawe. Kwiya, uli ndi chifukwa, ukwiye mpaka chaka chamawa. Koma kwatsala mphindi khumi. Ntchito ya bambo ako yapita, ulembe usalembe. Ukapanda kukwera masitepewo, ndiye kuti sukulu wachotsedwa kawiri, ndipo kachiwirika wadzichotsa wekha. Pukuta kumasoko."

Nasopo anapukuta kumaso. Kenako anasolola cholembera m'thumba la yunifolomu ya Mayi Sajeni, osapempha, n'kuthamangira kumasitepe.

* * *

Lamulo la pageti linali loti aliyense wochoka ntchito asechedwe. Mayi Sajeni anatsekula bokosi la zipangizo okha, manyazi akuwawotcha kumaso. Munali sowo, nyundo, tchizulo zitatu, zonse zakale, zogwirira zake zitasalala ndi manja a mwini wake. Cha hotela munalibe ngakhale chimodzi.

"Ndingakaime pansi pa zenera la kalasi?" anafunsa madalawo. "Sindisokoneza."

"Simungalowenso, madala. Mukudziwa."

Madala aja anagwedeza mutu n'kutuluka. Sanapite patali. Anaika bokosi lawo m'mphepete mwa msewu, padzuwa, n'kukhalapo. Mayi Sajeni anayendayenda pagetipo maola awiri athunthu, kugeti, kumpanda, kugeti, akukalipira alonda pa zinthu zopanda pake. Nkhani anaithetsa, koma chimwemwe analibe ngakhale pang'ono.

Itadutsa folo koloko, olemba mayeso anayamba kutuluka. Chizungu anadutsa akufotokozera anzake mayankho ake mokweza. Nasopo anatuluka komalizira, inki ili pa chala, maso ofiira. Anabweza cholembera kwa Mayi Sajeni, anadutsa pageti, n'kukaima patsogolo pa bambo ake. Madala aja anadzuka mofulumira, chipewa m'manja, ngati afikiridwa ndi bwana.

"Zinali bwanji, mwana wanga?"

"Funso lachisanu ndi chiwiri landivuta. Lomaliza sindinamalize."

"Ndiye kuti..."

"Sindikudziwa, bambo. Mwina ndalephera." Anapuma mwamphamvu. "Koma ngati ndalephera, ndalephera ndekha."

Sanawamwetulire, sanawagwire dzanja. Anawerama n'kunyamula bokosi lolemera lija, n'kuyamba kuyenda kulowera kokwerera basi, thupi litapendekera mbali imodzi. Bambo ake anamutsatira m'mbuyo, manja ali lende, osadziwa poti awaike.